Tsiku Limene a Makiyi Analumphitsidwa Mzere

Pangodya ya msewu wa kumsika pali kashopu ka bambo wina wodula makiyi, amene aliyense amangowatchula kuti a Makiyi. Zaka makumi awiri za ntchitoyi zinawaphunzitsa kusakhulupirira munthu. Ukabwera kudzadulitsa kiyi, amayamba akuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kufunsa kuti, "Chitseko chake n'chanu?"

Lachiwiri lina m'mawa, akukweza chitseko chachitsulo cha pashopupo, anamva kubaya pachifuwa. Anapirira mpaka masana, koma akazi awo pobweretsa chakudya anawapeza atagwira pamtima, thukuta lili kamukamu. Anawakokera kuchipatala.

Mzere unali wofika panja. Koma mayiwo atangouza namwino kuti "pachifuwa", zinthu zinatembenuka. Njinga yokankhira odwala inatulukira, anthu anapatuka, a Makiyi n'kupezeka ali pabedi, malaya atavulidwa.

"Mayi a ana, mwawauza chiyani anthuwa?" ananong'ona. "Chibadwire ine sindinalumphitsidwepo mzere. Nkhuku akayamba kuisasatitsa, ndiye kuti kukubwera alendo."

Dokotala anali mtsikana wa magalasi, wolankhula mofulumira. "Bambo, ululuwu ukufika kudzanja lamanzere? Nanga kunsagwada? Mumasuta? Bambo anu anamwalira ndi chiyani?"

"Za bambo anga mukuzifuniranji? Sindisuta."

Namwino anayamba kuwamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo. Makina anayamba kulavula pepala la mizere yokhotakhota, dokotala n'kumaliwerenga osaphethira. A Makiyi anali atamvapo za makina ogwira abodza. Anaganiza kuti ndi omwewa.

"Chabwino, zimitsani!" anakuwa. "Ndimasuta. Koma ndudu ziwiri zokha patsiku, kuseri kwa shopu."

"Atate a ana!" mayi aja anadzuka pampando. "Si munalumbira chaka chatha kuti mwasiya?"

Dokotala analuma mlomo kuti asaseke. Anawatenga magazi, n'kuwagoneka maola atatu. Atabwerera ndi zotsatira, anawadina ndi chala pakati pa nthiti.

"Mayo ine!"

"Eya, nkhani yabwino imeneyo," anatero akumwetulira. "Mtima wanu uli bwinobwino. Mwangodzipweteka mnofu ponyamula cholemera. Koma fodyayo musiye, apo ayi tsiku lina mudzabwera ndi nkhani yeniyeni."

A Makiyi sanakhutire. Dokotala wanji wokondwera munthu akakuwa? Njinga ija inali itapita kale kwa wina, moti kotengera mankhwala anapita wapansi, n'kuima pambuyo pa anthu makumi atatu.

Fodya anasiyadi, popeza mayi aja masiku ano amatulukira pashopu nthawi iliyonse n'kuwanunkhiza malaya. Chitseko chachitsulo chija amawakwezera ndi mnzawo wosoka nsapato. Akamamwa tiyi awiriwo, a Makiyi amatsitsa mawu n'kumuuza kuti akazi awo ndi dokotala uja ayenera kuti amadziwana kuyambira kale.