Bwinja la Eni Ake Lili ndi Chikwangwani

Loweruka lapitali ife a mpingo wa ku Walsall tinakwera kochi, basi ya maulendo ataliatali, kukaona nyanja ku Wales. Kuno madzi athu ndi a m'ngalande basi, ndiye tikamva za nyanja timakazinga mandasi ngati kuli ukwati.

Pamwamba pa thanthwe, moyang'anizana ndi mafunde, pali linga lakalekale la miyala. Denga linatha, khoma lina linagumukira m'madzi.

"A Banda, chitunda chonsechi mwatikwezera bwinja?" anandidandaulira Mai Phiri, mtsogoleri wa amayi, ali wefuwefu.

Tonse tinaseka, kupatula mwana wanga Tadala wa zaka khumi. Iye ankawerenga chikwangwani chilichonse n'kumatifotokozera za mfumu imene inamanga lingalo, adani amene analizinga, ndi makwerero otsikira kugombe amene ankadzera chakudya cha m'ngalawa. Mafumu a kuno amawatchula ngati amalume ake.

Kenaka ananditembenukira. "Daddy, where's ours?"

Komatu linga lathu lilipo. Kwathu ku Dedza kuli phiri limene makolo ankathawirako pa nkhondo za Angoni, ndipo miyala ya mpanda wawo ikadalipo. Tili ana tinkaidumpha popita kotola masuku. Ine wa madigiri awiri ndinalephera kutchula ngakhale gogo mmodzi amene anabisalako. Ndinachita manyazi.

Kodi tilipo angati amene tikulera ana oloweza mafumu a eni ake, koma osadziwa ndi mfunda wawo womwe? Anzathuwa satiposa mbiri. Iwo bwinja amaliikira chikwangwani, ife timadzalapo maungu.

Safunsa anadya phula. Tili m'kochi ndinatumiza uthenga kwa amalume anga, amene atsala okha mwa akuluakulu a kwathu. Tisanafike ku Shrewsbury yankho linabwera, uthenga wa mawu: "Mphwanga, ndimayesa ndifa nazo osafunsidwa." Anatchula mayina asanu, ndi la mayi amene ankatsika phiri kukatunga madzi adani ali m'munsi.

Tadala anamvetsera kawiri, ine ndikumasulira, iye akulemba kuseri kwa kapepala kamene anatipatsa polowa m'linga lija. Mtima wanga unakhala m'malo.

Lamulungu titachokera ku tchalitchi Tadala anadula katoni, nalembapo ndi zilembo zikuluzikulu: BWINJA LA TADALA'S FAMILY. Wati mu Disembala tikaiimike paphiripo, amalume akadali ndi mphamvu zotilozera malo.

Chichewa chakecho sindinachikonze. Nanga inu, wodziwa mayina a pabwinja panu watsala ndani, ndipo mumufunsa liti?