Chiguduli cha a Fundi ndi Pepala la Asiyatu

Dizilo akanunkha pafupi ndi gaga wa mpunga, ine ndimaona a Fundi Salimu. Ndimawaona atawerama pa injini ya chigayo chawo, kofia yoyera itada ndi mwaye m'mphepete, utsi ukutuluka pa chitoliro chimene anachibooleza pakhoma, nkhuku zathu zikujompha mpunga wosweka pakhomo, pansi ponse pakunjenjemera mpaka kwathu, kumene madzi a mumtsuko ankachita timafunde popanda wowakhudza. Nyumba yathu ndi chigayocho zinalekana ndi mpanda wa bango basi. Ndinakulira m'phokoso limenelo. Likati zii, amayi ankadziwa kuti nthawi ya swala ku mzikiti yakwana.

Ndawakumbukira kwambiri chilimwe chino, pamene pampu ya kumunda inaima mpunga wanga uli pafupi kutulutsa ngala. Koma ndiyambe ndi iwowo.

A Fundi anali munthu wabwino. Mayi wamasiye akabwera ndi dengu, ankamukonolera n'kumuuza kuti azipita. Ife ana ankatilola kuwola gaga wa abakha. Koma injini ikawonongeka ankasanduka munthu wina. Ankatulutsa aliyense n'kutseka chitseko. Mkati mukachita mdima moti chitseko n'chosatsekeka, ankafunditsa chiguduli pa injini n'kulowetsa manja pansi pake, kumagwira ntchito mopapasa, maso ali kudenga. Sanali okha. Mafundi a nthawi imeneyo, wosema bwato, wosula, wosoka kanzu, aliyense anali ndi kanthu kamene sankaonetsa munthu.

Mwana wawo Juma anali mnzanga, msinkhu umodzi. Tsiku lina anafunsa ndili pomwepo.

"Baba, pansi pa chigudulipo mumagwira chiyani?"

"Injini."

"Pati pake?"

"Pamene pawonongekapo. Kasese gaga."

Juma atatuluka akung'ung'udza, iwo anandiyang'ana ine. "Akadziwa iye lero, mawa mwadziwa nonse. Ndiye ine ndikhala ndani?"

Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinaisunga.

Titayamba kumera ndevu, a Fundi anadwala. Manja onse awiri anafooka, osatha kugwira ngakhale kapu ya tiyi. Mutu ndi pakamwa zinatsala bwinobwino. Juma ankaliza injini ndi kuthira mafuta, ndipo zinkayenda, mpaka m'nyengo yokolola pamene inatsokomola n'kuzima. Madengu anafola kufika pa mpanda wathu. Juma ndi ine tinawanyamula a Fundi pampando n'kuwaika pafupi ndi injini. Tsiku limenelo chitseko chinali pululu. Chiguduli palibe amene anachifunsa.

"Masula chija," anatero.

"Chiti, Baba?"

"Chijacho! Cha pafupi ndi chinzakecho."

Juma anaika sipanala pa nati ina.

"Ayi! Pansi pake. Ayi, wapitirira. Uli ndi maso iwe?"

"Dzina lake n'chiyani, Baba? Chimaoneka bwanji?"

Anatsegula pakamwa. Mawu panalibe. Vuto ankalidziwa, ndinaona m'maso mwawo. Koma zaka zonsezo manja ndiwo ankadziwa, ndipo ntchitoyo anali asanainenepo kwa munthu, ngakhale kwa iwo eni. Anayesa mpaka dzuwa linapendeka, thukuta likuyenderera pansi pa kofia, amayi a madengu akuchoka mmodzimmodzi. Kenako anayang'ana manja awo ali pamiyendo.

"Ndibwezeni kunyumba."

Juma anapitiriza kumasulamasula yekha. Pamene makaniko wa ku boma ankafika, zitsulo zina zinali zitathyoka, zina zitasowa. Chigayo sichinalirenso. Amayi anabwerera ku mtondo.

Tsopano za Asiyatu. Ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi, ndipo akuphunzira uinjiniya ku yunivesite. Ine ndinalekeza Sitandade 6 yakale. Ndimawerenga, ndimalemba, palibe amene amandigwira dzanja. Gulu lathu la alimi a mpunga ku Malengachanzi litapeza pampu ya sola yokoka madzi mumtsinje, iye anathandiza kuiika ali pa tchuthi, ndipo potsanzika anatisiyira mapepala ofotokoza kasamalidwe kake. Anali mpukutu wonenepa, Chingerezi chokhachokha, chiganizo chimodzi kudzaza theka la tsamba. Ndinawerenga tsamba loyamba n'kumva kuti mwanayu ndi wophunzira. Za pampu sindinamvepo kanthu. Anzanga a m'gulu nawonso sanamvepo kanthu. Ndinanyadira. Mumtima ndinati, nayenso ali ndi chiguduli chake, adzalemekezeka. Mapepalawo ndinawasunga m'sutikesi.

Chaka chotsatira anabwera n'kufunsa mapepala aja kuti awang'ambe. Anati kusukulu mphunzitsi anamubwezera lipoti lake atalembapo funso limodzi lokha: adzawerenge zimenezi ndani, ndipo adzakhala ataima pati?

"Ndinalira, Agogo," anatero. "Ndinkalemba kuti andione kuti ndikudziwa. Munthu woima pa makina, matope ali m'manja, sindinkamuona n'komwe. Lipoti limenelo ndinalilembanso mpaka ndinadana nalo."

Analemba pepala lina la pampu. Tsamba limodzi, m'Chichewa, mizere yaifupi, ndi chithunzi chojambula pamanja. Ndiye anachita chinthu chimene chinandikwiyitsa. Anaitana Mai Nyirenda, amene munda wawo unagundana ndi wanga, mayi wa kumpoto amene anabwera kuno ndi amuna awo odula nzimbe ku Dwangwa. Anaimitsa pampu dala, anawapatsa pepala, iye n'kukhala pa ndowa, manja atawapanira pansi pa ntchafu, pakamwa tseke.

"Apa walemba kuti tsekani vavu," anatero Mai Nyirenda. "Mavavu alipo awiri, mwana wanga."

Asiyatu sanaloze. Anatenga pepala, anafufuta, analemba kuti vavu ya chogwirira chofiira, n'kuwabwezera.

"A-a! Bwanji osangondiuza? Dzino likuwawa?"

"Tsiku limene idzaime ine kudzakhala kulibe, Amama."

Anachita zimenezo m'mawa wonse. Mayi wamkulu akukhetsa thukuta, mwana ali khale pa ndowa. Paliponse pamene Mai Nyirenda ankakakamira, iye ankakonza pepala, osati munthu. Pobwerera kunyumba ndinamudzudzula.

"Ulemu wako uli kuti? Ndipo ukawauza zonse, adzakuitananso ndani?"

"Asandiitane, Agogo. Ndili ndi zina zoti ndipange."

Pepalalo analikuta ndi pulasitiki n'kulikhomera pakhoma la kanyumba ka pampu, poonekera aliyense, ngakhale abusa a mbuzi. Ine ndinkalidutsa osaliyang'ana.

Pampu inaima mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mota inkalira bwinobwino, koma ku ngalande kunalibe dontho. Anthu anati tidikire, mwina iyamba yokha. Sinayambe. Matope a m'munda anayamba kung'aluka, masamba a mpunga kupindika ngati singano. Amene amalima mpunga akudziwa: ukasowa madzi pa msinkhu umenewo, umakolola mankhusu. Chakudya cha pakhomo panga chinali m'munda umenewo. Ndinaimbira Asiyatu, foni yozimitsa. Anali pa mayeso. Makaniko wa ku Dwangwa anati abwera sabata yamawa. Sabata yamawa akanapeza udzu.

Ndinaima pakhomo la kanyumbako, makina ali patsogolo panga, mwini wake kulibe. Malo oterowo ndinali nditaimapo kale, ndipo ndinkadziwa mathero ake.

"Agogo ake a Asiyatu, mwaima ngati mwafika pamaliro," anatero Mai Nyirenda kumbuyo kwanga. "Valani magalasi muwerenge. Anga maso atha tsopano. Ine ndizigwira."

Ndinavala magalasi. Pamwamba penipeni panalembedwa kuti: "Mota ikamalira koma madzi osatuluka, musamasule mota. Vuto lili ku payipi ya mumtsinje. Yambani mwazimitsa swichi yakuda ya pakhoma."

Ndinawerenganso. Mwanayu ankalankhula ngati waima pambali panga ndipo waona kumene dzanja langa limafuna kupita, chifukwa sipanala ndinali nditaitenga kale.

Tinazimitsa. Pepala linati titseke vavu ya chogwirira chofiira, titsikire kumtsinje, tikweze mapeto a payipi, titsuke sefa, ndipo tione ngati kachitseko ka m'kati mwa sefayo kakutseka. Chithunzi chinkaonetsa kachitsekoko, ndi kamuvi kolozera. Mai Nyirenda anakwinya chitenje n'kulowa m'madzi. Sefa inali itadzaza ndere ndi tinkhono, ndipo kamtengo kanali katapingasa pa kachitseko.

"Ndi aka kanthu aka kakufuna kutipha ndi njala?" anatero, akukakweza m'mwamba. "Werengani, bambo, musandiyang'ane ine."

Pepala linati titsegule chivindikiro cha pamwamba pa pampu, tithire madzi mpaka asefukire ndipo thovu lileke kutuluka. Chivindikirocho chinakana. Mai Nyirenda anachigwira ndi nsonga ya chitenje, chinakana. Ndinayang'ana papepala. Za kukanako panalibe. Ndinatola kachipika, n'kuchigogoda pang'onopang'ono m'mbali mozungulira. Chinalola.

Tinathira madzi. Thovu linatuluka, linatuluka, linaleka. Tinatseka chivindikiro, tinatsegula vavu yofiira monga pepala linanenera, ndipo ine ndinayatsa swichi.

Payipi inatsokomola. Inalavula mpweya, kenako matope. Kenako madzi, odzaza payipi yonse, akugwera mu ngalande ndi mkokomo. Mai Nyirenda analiza nthungululu mpaka a m'minda ina anaimirira. Ine ndinakhala pansi pa mlambala wa munda. Ndinaonerera madzi akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mapando, akulowa m'ming'alu ndi kaphokoso konga ka mafuta m'chiwaya, fungo la dothi lonyowa likukwera m'kutentha konse kuja. Ndinati Alhamdulillah, kuthokoza Mulungu.

Asiyatu anaimba foni atamaliza mayeso.

"Agogo, ndaona munandifuna. Kwagwanji?"

"Palibe. Pampu inaima. Tinaidzutsa."

"Nokha?"

"Ndi Mai Nyirenda. Pepala lako lili ndi polakwika. Sunanene kuti chivindikiro chimakakamira."

Ndinkayesa akhumudwa. Anaseka, mwana ameneyu, ngati ndamupatsa mphatso.

"Zoona! Nthawi ija chinali chatsopano. Munachita bwanji?"

Ndinamuuza.

"Kalembeni pomwepo, Agogo, mmene mwanenera kumene. Wina adzakakamira pamalo omwewo."

"Ine si injiniya."

"Koma munalipo. Ine kunalibe."

Mpunga unatulutsa ngala zodzaza. Sindinamuuze kuti ananena zoona tsiku lija la pa ndowa, zoterozo sindinena. Koma Lachisanu lotsatira, nditachoka ku mzikiti, ndinapita ku kanyumba ka pampu ndi khala m'thumba. Ndinaima nthawi yaitali. Kunena chinthu chimene dzanja lachita n'kovuta kuposa kuchichita. Ndinalemba, ndinafufuta ndi chigongono, ndinalembanso. Tsopano pansi pa pepala la Asiyatu pali mzere wa makala: "Chivindikiro chikakana, chigogodeni m'mbali ndi mtengo, osati chitsulo." Mai Nyirenda anaitana mdzukulu wawo kuti awawerengere, n'kunena kuti zikumveka.

Zilembo za mzerewo ndi zanga.