Mbaula m'Thirakitala

Mkulu wonyamula mchenga ku Caledonia ali ndi yankho limodzi pa vuto lililonse: "Tiwotcherera basi." Ntchito yawo yowotcherera zitsulo ku Southerton inatha kalekale, ndipo thirakitala yokalamba ndiyo inkawadyetsa, iwo ndi akazi awo. Koma chifuwa chawagwira, mphepo ya mu Juni sakuipiriranso.

Chaka chatha anamanga kachipinda pathirakitalapo ndi malata akale ndi magalasi a basi yakufa. Mipata yonse anamata ndi mphira, kumapazi n'kuikako mbaula ya makala.

"Bambo, siyaniko kabowo kopumira," anatero akazi awo.

"Kabowoko ndi kamene kakundipha," anayankha mkuluyo.

Ulendo woyamba anafundidwadi. Kenaka mpweya wa makala unawaledzeretsa ali pachiwongolero, thirakitala n'kukagwera m'ngalande. Anthu anachita kuswa galasi kuti awatulutse. Iwo anatsitsimuka, koma injini inasweka.

Masiku ano amaima pamsewu m'mamawa, fosholo paphewa, akutsokomola, kudikira lole ya wina iwatenge kukapakira mchenga. Madalaivala amasankha amphamvu.