Malegeni Anatsala Pang'ono Kundiphera Impso

Chizindikiro choyamba chinali mkodzo. Lachinayi m'mawa unatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ntchafu zonse ziwiri zinali zitatupa, zili gwa, moti buluku linakana kukwera.

Ine ndimasewera nkhonya. Timaphunzirira kuseri kwa garaja ina ku Kanyama, ndipo zitsulo zathu ndi magiya akale a galimoto ndi zitini zothira simenti. Wotiphunzitsa, amene timangoti ba Kochi, anaona pa foni kuti akatswiri akunja amamanga malamba m'ntchafu kuti magazi aziyenda pang'onopang'ono, n'kumanyamula zitsulo zopepuka, minofu n'kukula. Malamba awowo amapopedwa mpweya woyeza bwino, munthu wodziwa ntchitoyo ali pomwepo. Ife tinadula chubu cha njinga n'kupanga malegeni.

Lachiwiri la sabata imeneyo ba Kochi anandimanga malegeniwo m'ntchafu, phazi atatsamiza pa benchi, akukoka ngati akumanga thumba la makala. Zopepukazo sitinazilabadire, poti kwathu wonyamula zopepuka amasekedwa. Ndinasenza zolemera, kunyonyomala n'kudzuka, osamasula mpaka miyendo inachita dzanzi. Iwo anati dzanzilo ndiye umboni woti zikugwira. Chimandinyansa mpaka lero n'choti ndinawathokoza.

Mkodzo utada sindinapite kuchipatala. Ba Kochi anabwera kunyumba, nandisisita ntchafu, nandisiyira mapiritsi a ululu ogula pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu. "Ni mafuta yachoka m'thupi. Limba, ndiwe mwamuna," anatero. Lachisanu ndinayamba kusanza. Loweruka ndinangotulutsa timadontho, ndipo mkazi wanga Mutinta anatseka tebulo lake la tomato n'kundikweza minibasi ndikukana.

Ku kiliniki tinakhala pa benchi mpaka masana. Nesi atayang'ana kabotolo ka mkodzo wanga anandifunsa, "Nanga masiku yonse aya munali kuyembekeza chani?" Anatitumiza kuchipatala chachikulu.

Kumeneko dokotala anafotokoza kuti minofu inali itawonongeka mkati, ndipo zinyalala zake zinatseka impso. Mapiritsi aja anangowonjezera moto. Anati impsozo zikapanda kutseguka m'masiku ochepa, adzandiika pa makina osefa magazi, ndipo sakanandilonjeza kuti ndidzachokapo.

Anandiika diripi ndi kapaipi ka mkodzo. Thumba lake linkalendewera pambali pa bedi, aliyense wodzaona odwala n'kumaliona. M'kamwa munkamveka dzimbiri, chakudya chilichonse chinkandichititsa nseru. Munthu amene ndinkadzitama kuti ndimagwetsa amuna anzanga, ndinkapukutidwa ndi mkazi wanga kuseri kwa katani. M'mawa uliwonse ankanditenga magazi, nesi n'kuyeza za m'thumba muja n'kulemba. Ba Kochi anabwera kamodzi, ndipo anauza Mutinta kuti ndiyenera kuti ndinali ndi matenda anga kale. Ndinatembenukira kukhoma.

Tsiku lachisanu ndili m'chipatalamo mkodzo unachuluka n'kuyamba kuyera. Dokotala anati makina aja ndawazemba. Sindinaganizepo kuti ndingagwetse misozi chifukwa cha thumba la mkodzo, koma ndinalira. Ananditulutsa patatha masiku khumi ndi limodzi.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndimayenda, ndimathamanga pang'ono, koma ntchafu yakumanzere idakali ndi dzanzi, ndipo impso sizinabwerere mwakale. Dokotala anati njira yomanga malambayo payokha si yoipa ikachitidwa ndi zida zake komanso munthu wophunzira. Anatinso ndikanabwera Lachinayi lomwe lija, mwina diripi yokha ikanakwana.

Anzanga onyamula zitsulo, musalole munthu akumangeni mphira m'thupi chifukwa waonera pa foni. Mkodzo ukada kapena ukachepa mutalimbitsa thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osamwa za pa kantemba. Ine ndinachedwa masiku awiri okha poopa kutchedwa wofooka. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo mwezi uliwonse ndimakhala pa mzere wa odwala impso pakati pa anthu a msinkhu wa bambo anga.