A Ebihara ankafa Lachiwiri lililonse

A Tomoji Ebihara ankafa Lachiwiri lililonse masana. Masiku enawo ankakhala moyo ngati munthu wina aliyense, atavala chipewa chobiriwira, akuyang'anira njinga pa siteshoni ya sitima kwathu kuno ku Nerima. Ukafika uli wefuwefu, mwana akulira pakampando ka kumbuyo, iwo ankangokulanda njingayo n'kuiika okha pamzere. "Thamangani mayi, sitima ilibe chibale!"

Likafika Lachiwiri ankavula chipewa chija, n'kuvala juzi yofewa ndi nsapato za mphira zosalira poyenda, chifukwa kumene ankapitako ngakhale kukhwekhwereza kwa malaya ndi mlandu. Kunali ku situdiyo yojambulira mawu a katuni ya achifwamba a panyanja, ija ana amaidzukira Lamlungu m'mawa asanasukusule n'komwe. Musaganize kuti mawu a kaputeni anali awo, ayi. Iwo anali a gaya. Gaya ndi phokoso la chikhamu: anthu angapo amaima mozungulira maikolofoni, aliyense n'kumabwebweta zake, kuti pakanema pamveke ngati pamsika kapena pankhondo. Lamulo lake ndi lakuti umveke koma usadziwike. Liwu lako lisatumphuke pamwamba pa anzako, ndipo usatchule dzina la munthu weniweni.

Chaka china m'katunimo munabuka nkhondo yaikulu. Inayamba mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ili pa maluwa, n'kudzatha masamba atayoyoka. A Ebihara ntchito inawachulukira. Anafa ngati msilikali wa mfumu, anafa ngati wachifwamba, anagwa kuchokera pamlongoti wa chombo, anamira atavwira madzi a m'kapu mkamwa. Imfa zonsezi ankayamba aziyeserera kunyumba, ndipo makoma a nyumba zathu zino ndi opyapyala ngati chikamba cha mpunga. Mayi wina atangosamukira kumene, anamva kubuula koopsa, n'kuthamanga nsapato imodzi kukagogoda. Anawapeza a Ebihara ali ndi tiyi m'manja.

"Pepani mayi, musade nkhawa. Ndangobayidwa mkondo basi."

Ku situdiyoko kuli mwambo wakuti munthu wa dzina m'nkhanimo akafa, mwini mawu ake amapatsidwa maluwa tsiku lotsiriza, onse n'kumuombera m'manja. A Ebihara ankaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Wa gaya salandira maluwa, chifukwa sabata yamawa adzafanso.

"Inu akanati azikupatsani maluwa pa imfa iliyonse, bwenzi mutatsegula sitolo," ankawaseka mayi Nagumo, mnzawo wa gaya wakalekale, mayi wamfupi wodziwa kulira ngati khanda ndi kukuwa ngati nkhalamba.

"Nanga inu amene mwandilira maliro zaka zonsezi, chipepeso chake chili kuti?"

"Fani zenizeni muone."

Onse ankaseka. Koma mayi Nagumo ankadziwa pamene nthabwala iyenera kulekera, chifukwa ankadziwa za Chizuru.

Chizuru anali mwana mmodzi yekhayo wa a Ebihara. Ali wamng'ono, nyengo yozizira ikafika, ankakhala miyendo ili m'bulangete la pansi pa tebulo n'kumasenda manachesi mpaka zikhatho kusanduka zachikasu. Bambo ake anamupatsa dzina lakuti Kanachesi, ndipo panalibenso wina womuitana choncho. Akasochera pachikondwerero cha m'chilimwe, anthu ali piringupiringu, iwo ankangoima pakati n'kukuwa dzinalo, mwana n'kutulukira m'miyendo mwa anthu.

Akazi awo, mayi Fumie, anamwalira Lachiwiri. M'mawa wa tsikulo, ali m'chipatala, anali atapezako bwino, anamwako ndi msuzi, n'kuwauza okha amuna awo kuti, "Pitani mukafe, mundipeza." Ku situdiyo foni amazimitsa. Pamene a Ebihara ankagwa ndi mfuti zabodza, kuchipatala Chizuru anali yekha pambali pa bedi, akuimba foni yosayankhidwa. Maliro atatha, mwanayo anangonena mawu amodzi ali pakhomo, akuvala nsapato.

"Inu imfa imene mumaidziwa ndi yabodza yokha."

Anapita kutali, ku Uwajima, n'kukwatiwa komweko. Anabereka mwana wamkazi, Konomi, amene agogo ake ankangomudziwira pachithunzi chimene mkamwini anatumiza mwakachetechete. A Ebihara anayesapo kuimba foni. Chizuru akati "Halo", iwo ankangopumira m'foni. Munthu wodyera pakhosi pake, mawu n'kumuthawa! Mapeto ake mwana anasiya kuyankha. Tsono ukalamba unali utayamba kugogoda, masitepe a pasiteshoni ankawakwera mopumira, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi: kumumva mwana wawo akuwatchulanso kuti bambo, imfa yeniyeniyo isanabwere.

Nkhondo ya m'katuni ija itatha, Lachiwiri lina a Ebihara anafika atakonzeka monga mwa masiku onse, kapu yamadzi ili m'manja. Woyang'anira mawu, a Tsurumi, bambo wa mandala amene ankakhala kuseri kwa galasi, anayankhulira m'chimkuzamawu.

"Akuluakulu a gaya, lero kulibe kufa. A Ebihara, kapuyo ikani pansi."

"Ndiye ndabwereranji, bwana?"

"Lero ndinu otsala. Zombo zikubwerera kudoko zili zibowozibowo. Inu ndinu anthu a m'tauni, mwathamangira kudoko kukafuna abale anu. Itanani maina. Aliyense apeke lake, lomveka lakunyanjako."

Zaka zonsezi a Ebihara sanakhalepo wotsala. Kufa n'kosavuta, umakuwa kamodzi, wagwa, watha. Nanga wotsala amatani?

Nyale yofiira yosonyeza kuti ayamba kujambula inayaka. Pakanema wa kutsogolo kwawo zithunzi zinali zisanapakidwe utoto, zinali za pensulo chabe. Panaoneka doko, utsi, ndi kamunthu kopanda nkhope kakuthamanga m'mbali mwa madzi, kakusuzumira chombo ichi, kusuzumira icho. Anzawo anayamba kukuwa maina opeka. Mayi Nagumo anali atayamba kale kusisima. A Ebihara anatsegula pakamwa kuti apeke lawo, koma maso anali pa kamunthu kaja, ndipo chimene chinatuluka sichinawapemphe chilolezo.

"Kanachesi! Kanachesi iwe! Ndili pano!"

Liwulo linakwera pamwamba pa onse ngati khwangwala pakati pa mpheta. Ena analekeza pakati.

"A Ebihara," anatero a Tsurumi, "mwatumphuka."

"Pepani. Pepani nonse." Anawerama mbali zonse, makutu akutentha.

"Tibwereze."

Anabwereza, ndipo ulendo uno anachita mwaukatswiri, dzina lopeka, liwu lobisika bwinobwino m'khamu. Ntchito inatha. Anthu anayamba kuvala majekete. Koma a Ebihara anaima pakhomo la chipinda cha galasi chija akupotokola chala, iwo amene chiyambire ntchito sanapemphepo kanthu, ngakhale mpando. Mayi Nagumo anawakankha pamsana.

"Bwana," anatero a Ebihara atawerama, "ndimati mwina... liwu loyamba lija. Musalitaye."

A Tsurumi anavula mandala. "Kodi Kanachesi ameneyu ndani? Mphaka wanu?"

"Mwana wanga. Sitiyankhulana."

"Madala, lamulo mumalidziwa kuposa ine. Dzina la munthu weniweni silimaloledwa."

"Aaa bwana, inunso," analowerera mayi Nagumo. "Munamuona kuti munthu wolembedwa Kanachesi kuboma? Chimenechi ndi chipatso. Bamboyu amagulitsa manachesi padoko, nkhondo yatha, anthu adye."

"Wogulitsa manachesi amalira choncho?"

"Malonda akavuta."

A Tsurumi anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anapukuta mandala ndi malaya. "Sindingaliike pamwamba, lingaphimbe kaputeni. Ndiliika pansi pa mafunde. Likamveka lamveka, likamira lamira. Musadzandidandaule."

A Ebihara anawerama mpaka msana kulira.

Gawo limenelo linatenga masabata kuti lionetsedwe. Lamlungu lake, a Ebihara anadzuka n'kuthira tiyi m'kakapu ka pakaguwa kokumbukirapo malemu akazi awo, kuyatsa lubani, n'kutembenuza chithunzi cha mayi Fumie kuti chiyang'ane kanema. Anakhala chogwada, manja pamaondo. Doko lija linaoneka, tsopano lili ndi utoto, thambo lotuwa, matanga ong'ambika. Kamunthu kaja anali atakapatsa nkhope ya ndevu. Mafunde ankati khwaa, khwaa, nyimbo yachisoni pamwamba, chikhamu chikulira. Ndipo penapake pansi pa zonsezo, kakang'ono ngati udzudzu, panadutsa Kanachesi. Ngakhale eni akewo anachita kutchera khutu.

"Wamva, Fumie? Lamira."

Komabe tsiku lonselo sanatuluke. Foni anaiika patebulo, n'kumaiyang'ana ngati mphika wochedwa kuwira. Sinalire. Lolemba sinalire. Lachiwiri anapita ku situdiyo, anakhala m'gaya ya pamsika, anabwerako. Mayi Nagumo atafunsa ndi maso, iwo anapukusa mutu.

"Musafulumire, akufa inu. Chibale n'fupa."

"Fupa nalo agalu amapita nalo."

Masiku amenewo kuseri kwa khoma kunali bata. Kunalibe kubayidwa, kunalibe kumira. Ife oyandikana nawo, amene kale tinkadandaula kuti akutidzutsira ana, tinayamba kumvetsera pakhoma ndi mtima m'mwamba, chifukwa kwa a Ebihara chete ndiye anali woopsa.

Loweruka lina kukuzizira, chaka chili pafupi kutha, a Ebihara anali pantchito yawo ya njinga, akuwongola mzere, mpweya ukutuluka utsi mkamwa. Anaona mayi wina ataima pageti, chikwama chapaulendo kudzanja ili, kamtsikana ka chisoti chofiira kudzanja ilo. Njinga analibe. Anati amuuze kuti sitima ilibe chibale, koma mayiyo anawatsogolera.

"Wa gaya satumphuka. Munandiphunzitsa nokha."

Anali Chizuru. A Ebihara anavula chipewa, kuchivalanso, kuchivulanso.

"Unamva?" Ndi zokhazo zimene zinatuluka.

"Uyu saphonya Lamlungu," anatero Chizuru akuloza mwanayo ndi chibwano. "Ine ndimatsuka mbale, kanema ndamufulatira dala. Koma makutu alibe chitseko. Ndakumvani mukufa chilimwe chonse. Pomira paja munanyanya, munthu samira nthawi yaitali choncho."

"Anandiuza kuti nditalikitse."

"Tsono tsiku lija mbale inandipulumuka. Yabwinonso, ya apongozi." Anayang'ana kumbali, kumene sitima inali kulowa. "Musaganize kuti zonse zatha. Ndabwera kudzayatsira amayi lubani."

"Eya. Eya, n'zoona. Akudikira. Tiyi ndawathirira kale m'mawa."

Anaima choncho, wina kuyang'ana sitima, wina chipewa. Dzina limene a Ebihara ankalidikira linali lisanatchulidwe. Kamtsikana kaja kanali kakuwayang'anitsitsa kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Ndinu agogo akufa aja?"

"Ndine, mayi."

"Bodza. Tafani tione."

"Konomi!" anakalipa amayi ake.

A Ebihara sanaseke. Anayang'ana mwana wawo, chifukwa imfa yabodzayi ndi imene inawalekanitsa, ndipo sakanaichita pamaso pake popanda iye kulola. Chizuru anawayang'ana nthawi yaitali. Anaona khosi lowonda m'kolala. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Fani. Koma mwachidule."

"Ya mkondo kapena ya mfuti?" anafunsa a Ebihara ataweramira mdzukulu.

"Ya mfuti yaikulu!"

Anabwerera m'mbuyo pang'ono, kukonza kukhosi, n'kudikira ngati nyale yofiira yayaka. Kenaka anagwira pachifuwa, maso tong'o, n'kutulutsa mfuu imene dziko lonse lakhala likuimva Lamlungu osadziwa mwini wake. Nkhunda za padenga la siteshoni zinabalalika. Anadzandira, kuzungulira kamodzi, koma anaiwala kuti kuno si ku situdiyo kumene umafa uli chiimire. Chidendene chinakola tayala, iwo thapsa! Njinga yoyamba inagwera inzake, inzakeyo inzake, mzere wonse wowongoka bwino uja n'kugona pansi, mabelu ali ngiringiri.

Konomi analumphalumpha akuomba m'manja. "Ndi iwo! Amayi, ndi iwodi!"

A Ebihara anagona chagada pasimenti yozizira, maso ali chitsekere, lilime kunja, monga wakufa wodziwa ntchito yake. Anamva kaphokoso kena pamwamba pawo, osadziwa ngati n'kuseka kapena kulira, mwina zonse. Anaopa kutsegula maso.

"Zakwana. Dzukani, bambo. Pansipo pakuzizira."

Anatsegula diso limodzi. Chizuru anali atavula gulovu, wawatambasulira dzanja. Chikhatho chake chinali chachikasu.