Mutu wa Karoti pa Zenera la Amayi

Kambale kachitsulo kaja kanali kothothoka utoto m'mphepete. Abambo anabwera nako kuchokera kumishoni ku Domasi, kumene ankaphikira mphunzitsi wina wachizungu. M'thumba la malaya awo munali mitu itatu ya karoti yomwe anatola pa zotaya za kukhitchini. Ine ndinali mu Sitandade 2.

Amayi anali chigonere kuyambira mvula yoyamba. Chifuwa. Kudimba kwawo, m'mbali mwa mtsinje, sankafikako, ndipo chimene ankadandaula kwambiri n'chakuti maso awo sakuonanso chomera. Abambo anathira madzi pang'ono m'kambalemo, n'kukhazikamo mitu ija, n'kuika pazenera pafupi ndi mphasa ya amayi.

"Madzi asamize mutu," anandiuza. "Uzisintha m'mawa uliwonse."

Iwiri inaola. Wachitatu unatulutsa timasamba tofewa ngati nthenga za mwanapiye. Amayi ankatikhudza ndi nsonga ya chala. M'chipindamo munkanunkha mankhwala azitsamba ndi udzu wonyowa wa padenga.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anasuzumira tsiku lina. "Alamu, zimenezi zidzabereka?"

"Iyayi, alamu," anayankha abambo. "N'zongoona basi."

Amalume anaseka. Lero ndimaona kuti sizinali nkhanza. Munthu wa khasu sakanamvetsa zothirira chinthu chosadyedwa.

Amayi anamwalira chimanga chikumasula. Ine sindinaleke kusintha madzi, ndipo timasamba tija tinakhalabe tobiriwira mpaka tinakolola. Kenako achibale anasonkhana n'kuwasudzula abambo, kuwamasula kuti azipita kwawo ku Mulanje. Anali mkamwini. Nyumba anamanga ndi manja awo, koma malo anali a kwa amayi, ndi ife ana omwe. Mzungu uja nayenso anali atabwerera kwawo.

Ndinawanyamulira bulangete mpaka pa Songani. Basi itaima anandigwira paphewa. "Usaiwale madzi aja."

Ndinamva ngati lonjezo: akadzapeza masamba ali moyo, adzakhala. Koma pasanapite nthawi mutu uja unafewa, n'kuyamba kununkha. Ndinaukwirira kuseri kwa nkhokwe osauza munthu, ndipo abambo atapanda kubwera ndinati mlandu ndi wanga.

Ndinadzayesanso ndili ndi ana anga. Mutu wa karoti m'madzi sukhalitsa, ngakhale uusamale chotani. Wanga uja unakhala kuyambira dzinja mpaka masika chifukwa abambo ankauchotsa ukayamba kufota, n'kuikapo wina wophuka kale, ine ndisakuona. Poyamba ankachitira amayi. Kenako ankachitira ine.