Amalume Ake a Msilikali

Ndine ndinamuuza kuti alowe usilikali. Sindikana.

Anali mwana wa mlongo wanga, munthu wamkulu kale. Kuno ku Leicester, ku Mangalande, ndinamuitanitsa ndine, monga malume wake. Ntchito inavuta, viza inali pafupi kutha. Masiku amenewo asilikali a kuno ankalemba ngakhale anthu akwathu. Ndinati pita, mapepala udzawapezera komweko. Anapita. Pasanapite nthawi yaitali, wailesi inayamba kukamba za nkhondo ya ku Iraq.

Ine ndinkachapa zofunda kunyumba yosamalira okalamba ku Wigston. Loweruka lina nditaweruka masana, ndinapeza pakati pa tawuni patadzaza anthu ndi zikwangwani. Ankafuula kuti asilikali asapite. Ena ankati boma lisinthe. Ndinadzera m'mphepete, chipewa nditatsitsa. Ndinakulira mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Wolankhula motero ankasowa.

Patebulo lina panaima mmwenye wachikulire amene ndinkagulako ufa ku Belgrave. Anabadwira ku Limbe, Chichewa chinkatuluka bwinobwino.

"Achimwene, mukuzembera kuti? Bwerani musayine kalata yokana nkhondo."

"Iyayi bambo. Ine ndine mlendo kuno."

"Mlendo wodya ufa wanga zaka zonsezi? Mnyamata wanu uja ali kuti?"

"Ali kukampu. Anyamuka posachedwa."

"Iye akupita kumfuti, inu mukuthawa bolopeni?"

Pepalalo linkafuna dzina ndi adiresi. Ndinalemba mfunda wanga ndi mudzi wakwathu, kuti boma likafuna munthu lisamupeze. Mkuluyo anawerenga, napukusa mutu.

"Izi akaziwerenga amfumu anu. A kuno amangomva munthu wokhala ndi nambala ya nyumba."

Ndinafufuta. Ndinalemba dzina la pa pasipoti, msewu, nambala.

Sabata yonse ndinadikira apolisi, chikwama chili cholongedza kuseri kwa chitseko. Sanabwere. Palibenso amene anayankha kalatayo. Nkhondo inayamba, mnyamata anapita.

Anabwerako patapita miyezi ingapo, manja ndi miyendo zili zonse. Khutu lakumanzere linali litafa. Pakudya sankalola kufulatira khomo. Basi ikaphulitsa utsi pamsewu, ankagwira tebulo mpaka zala kuyera.

Kwathu malume ndiye amanena za mwana. Ndinagula khadi ya foni, n'kuimbira mlongo wanga.

"Wafika?"

"Wafika."

"Ali bwino?"

"Ali moyo."

Kenaka mlongo wanga anati, "Achimwene, mpatseni foni." Mnyamata anaiika kukhutu lakufa lija, naisinthira kukhutu linalo, nangoti, "Amayi." Amene analankhula zina zonse ndi mayi ake. Ine ndinatuluka panja, ndinaima pamvula.

Mng'ono wake atamaliza folomu folo, anandilembera kuti nayenso ndimuitanitse. Ndinamutumizira makina osokera. Anakwiya nane zaka ziwiri. Pano ali ndi shopu yake ya utelala pamsika, ndipo amamva makutu onse.